Ba Daka ndi Lamulo Limene Linakana Kuchoka

Loweruka lapitali tinakavundukula mwala pa manda a ba Daka. Chaka chinali chitakwana chimwalirireni. Sitinali ambiri: mkazi wawo amake Mabvuto, mwana wawo Mabvuto mwiniyo ndi achinyamata a ku tchalitchi chake, madala anayi amene anagwira nawo ntchito ku fakitale ya nsalu, ndi ine. Atachotsa nsalu yophimbira, tinaona kuti mwala wonse wadzaza mawu kuyambira pamwamba mpaka pansi. Bambo wachikondi, mwamuna wokhulupirika, agogo okondedwa, gonani mumtendere, pumulani, tidzakumananso. Amake Mabvuto anandigwira mkono n'kundinong'oneza:

"Sembe balipo, sembe bafuta hafu."

Ndinaseka pa manda, madala aja n'kundicheukira. Koma mayiyo sananame. Ba Daka sankatha kupirira mawu awiri pamene amodzi akanakwanira. M'thumba la shati ankayenda ndi kapensulo kofiira, ndipo chikwangwani chilichonse cha pa Boma kapena pa kiliniki ankachiwerenga ngati chawalakwira. Akaona polembedwa kuti sungani ukhondo, pansi pake n'kulembanso kuti musalavule pansi, ankaima n'kuuza aliyense wodutsa kuti lachiwirilo lili kale m'kati mwa loyambalo. Kunyumba sankathokoza nshima. Mkazi wawo atadandaula, anayankha kuti munthu amene wamaliza mbale yonse wanena kale zikomo, kubwereza n'kuwononga mpweya. Amake Mabvuto anakhala nawo zaka makumi anayi, ndipo nkhani imeneyi sanaikhululuke.

Khalidweli linawayambanitsa ndi anthu ambiri, koma mkangano umene anthu a kuno ku Kafue akuukumbukabe ndi wa kalabu ya maliro. Zinali zaka zija salaula, zovala zakale zochokera kunja, itadzaza pamsika, nsalu ya ku fakitale itasiya kugulidwa, anthu akudulidwa ntchito gulu ndi gulu. Maliro anachuluka mu Estates, dera limene antchito a ku fakitale ankakhala. Amene anadulidwawo anagwirizana zoyambitsa kalabu yoti aziikana mwaulemu, ndipo anakhala masabata atatu akukangana mpaka analemba malamulo makumi awiri ndi atatu. Anawapereka kwa ba Daka kuti akawakopere bwino, poti anali ndi dzanja lokongola. Iwo anabwera nawo asanu ndi anayi. Ena onsewo, anatero, amatuluka okha mwa asanu ndi anayiwa, ndipo anayamba kusonyeza limodzilimodzi mpaka anthu anatopa n'kuvomera.

Mwa ofufutidwawo munali lamulo lakuti maliro akatha, mamembala aziyendera wamasiye. Ba Daka anati lamulo lachiwiri likunena kale kuti membala aliyense amene ali pa vuto ayenderedwe, ndipo umasiye ndi vuto. Patapita miyezi inayi kunamwalira makaniko wina wa makina olukira. Anamuika bwino. Kenako palibe amene anaponda pakhomo pake. Tsiku lina mkazi wake anafika pa geti la ba Daka, osalowa, osakhala pansi.

"Lamulo langa munafuta ndimwe," anatero.

Ba Daka anayamba kufotokoza za lamulo lachiwiri. Amake Mabvuto anatuluka m'khitchini ndi mthiko m'manja.

"Khalani chete, atate ake Mabvuto. Chintu ngati sichinalembeke, bantu sibachita. Bantu si manambala."

Pamsonkhano wotsatira anabwezeretsa lamulolo ndi dzanja lawo. Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse ankapita okha kukaona mayi wamasiye uja, wapansi, mpaka pamene miyendo inawakana. Koma mpaka imfa ankanenabe kuti lamulolo linali losafunika, olakwa anali anthu osadziwa kuwerenga.

Sanali mphunzitsi wa pasukulu, ngakhale tonse tinkawatcha aphunzitsi. Atate awo anachokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ndipo iwo anakulira m'nyumba za pafupi ndi sitesheni. Analowa ku fakitale ali mnyamata, nakhala kalaliki wowerengera ulusi ndi utoto umene makina adzadye mwezi wamawa. Nthawi ina anatumizidwa kunja, ku dziko lozizira, kukaphunzira ntchito kwa chaka chimodzi. Anzawo anabwerako ndi mawailesi ndi majekete. Iwo anabwerako ndi buku lachikuto chobiriwira limene anagula pa tebulo la mabuku akale. Linkakamba za maziko a masamu, ndipo linawagwira moyo wawo wonse.

Zimene zinali m'bukumo ankazifotokoza motere. Masamu onse, kuwerenga, kuphatikiza, kugawa, mpaka ovuta aja a ku yunivesite, angathe kumangidwa kuchokera ku chinthu chimodzi chokha, maseti, kapena kuti magulu a zinthu. Ndipo maseti amaima pa malamulo ochepa, osafika khumi, amene munthu amangowavomera popanda umboni, chifukwa pansi pake palibenso china choti n'kupondapo. Chimene chinkawasowetsa mtendere ba Daka chinali funso lakuti: kodi onsewo ndi ofunikadi? Ankati lamulo limene lingatuluke mwa anzake si kholo, ndi mwana amene wakhala pa mpando wa akulu, ndipo ayenera kuuzidwa kuti atsike. Munthu woona mtima amavomereza popanda umboni zinthu zochepa zokhazokha, ndipo amadziwa kuti n'zingati.

Ine ndinawadziwa ndili giredi 11. Ndinali nditalephera masamu kawiri, amayi n'kunditumiza kwa iwo. Anali atangodulidwa kumene ntchito, ndipo ankaphunzitsa ana masana kuseri kwa nyumba, pansi pa malata anayi. Tinkachita za mayeso kwa ola limodzi. Anzanga akapita, ine ndinkatsala, chifukwa ndinali nditafunsa tsiku lina kuti buku lobiriwiralo ndi la chiyani.

Ndikukumbuka masana amene ananditulutsira matumba a shuga opanda kanthu. Anakweza limodzi.

"Dailesi, muli chiyani umu?"

"Mulibe kanthu, aphunzitsi."

"Koma thumba lilipo?"

"Lilipo."

Analilowetsa m'thumba lina, nati tsopano ili lili ndi chinthu chimodzi, ngakhale chinthucho ndi thumba lopanda kanthu. Kenako anatenga lachitatu, lalikulu, naikamo ziwiri: thumba lopanda kanthu, ndi thumba losunga thumba lopanda kanthu. Anandionetsa m'buku kuti malamulo ena amatilola kupanga thumba lachitatuli. Anandionetsanso lamulo lakuti ukakhala ndi gulu, ungathe kuchotsa chilichonse cha m'kati n'kuikapo china m'malo mwake, ndipo chotsatiracho ndi gulu ndithu. Anatulutsa timatumba tiwiri tija, naikamo choko ndi sipuni.

"Tsono werenga lamulo ili."

Linkati zinthu ziwiri zilizonse zingathe kuikidwa m'gulu limodzi.

"Tangochita chiyani ife?"

"Taika zinthu ziwiri m'gulu limodzi."

"Talipempha lamuloli?"

"Iyayi."

Anawomba m'manja kamodzi, naseka mpaka kutsokomola. Anali atazipeza okha, popanda wowauza. Sindinawaonenso akusangalala chotero. Ine ndinabwerera kunyumba mutu ukuzungulira, ndipo kuyambira tsiku limenelo masamu anasiya kukhala chilango.

Analemba zimenezi bwinobwino, masamba anayi, natumiza ku yunivesite ku Lusaka. Yankho linabwera patapita miyezi. Linali laulemu ndi lalifupi. Wolembayo anati umboniwo ndi wolondola, koma zimenezi zinadziwika kalekale, ndipo m'mabuku ena amazipereka kwa ophunzira ngati ntchito yokachitira kunyumba. Ba Daka anandiwerengera kalatayo mokweza. Anati ali ngati munthu amene wadula tchire ndi chikwanje kwa sabata yathunthu, n'kukatulukira pa msewu wa tala pamene mabasi amadutsa tsiku ndi tsiku. Anayesa kuseka. Kenako anati chabwino, njira yawo inali yolondola, tsopano akufuna tchire limene munthu sanadulepo.

Ndi m'mene anatembenukira ku lamulo la kusankha.

Lamulo limeneli ankalifotokoza ndi madengu a nsomba a ku doko la Chanyanya. Ukakhala ndi madengu khumi, lililonse lili ndi nsomba, umangoyenda n'kutolamo imodziimodzi, osafuna chilolezo cha munthu. Madengu akakhala osatha, ndipo uli ndi njira yosankhira, monga yakuti m'dengu lililonse utenge yaikulu kuposa zonse, palibenso vuto. Koma madengu akakhala osatha, m'kati muli kapenta wofanana yekhayekha, wopanda chomusiyanitsa, kodi unganene kuti pali dengu lina limene lili ndi kansomba kamodzi kochokera m'dengu lililonse? Buku linkati vomereza, limeneli ndi lamulo. Ba Daka anakana. Anati chinthu choonekeratu chonchi sichingakhale kholo, chiyenera kutuluka mwa malamulo enawo, ndipo iwo adzasonyeza njira yake.

Anagula makope a sukulu. Anayamba.

Ine ndinakhoza, ndinapita ku yunivesite kukaphunzira masamu ndi uphunzitsi. Ndili m'chaka chachitatu, lekichala wina akutuluka m'kalasi anatchula mongodutsa kuti lamulo la kusankha silingatuluke mwa enawo, ndiponso enawo sangalitsutse. Limaima palokha. Akatswiri anatsimikiza zimenezi zaka zambiri m'mbuyomo, buku la ba Daka litasindikizidwa kale. Ndinamuthamangira pa masitepe kumufunsa ngati ndamva bwino. Anati inde, ndipo anadabwa kuti zikundikhudza bwanji.

Pa holide ndinakwera minibasi ndili ndi mawu onse okonzeka. Ndinapeza amake Mabvuto akuchapa panja. Ndinayamba kuuza iwo, poganiza kuti andithandiza kayankhulidwe. Anamvetsera, ngakhale za madenguzo analibe nazo ntchito. Kenako anapukuta manja m'chitenje n'kuyamba kutchula mayina a amuna amene anadulidwa limodzi ndi amuna awo. Uyu anafa ndi kachasu. Uyu anamupeza m'mtsinje. Uyu amangokhala pa mpando kuyang'ana khoma, mkazi wake amamudyetsa ngati khanda.

"Aba bauka m'mawa, basamba, bavala shati, bankhala pa tebulo na makope yao. Iwe ufuna kubachotsa vamene ivo? Uzabapasa chani?"

Ndinalibe choti n'kuwapatsa. Ndinalowa, ndinapereka moni, ba Daka anandionetsa kope lachitatu. Ndinati zikuoneka kuti zikuyenda.

Ndinanena mawu amenewo, kapena ofanana nawo, kwa zaka zitatu. Nditayamba kuphunzitsa kuno ku Kafue ndinkapita Lachisanu lililonse ndikaweruka. Ankandiwerengera zimene alemba sabata imeneyo, ine n'kumagwedeza mutu. Nthawi zina ndinkawasonyeza tizolakwika ting'onoting'ono kuti ndioneke ngati ndikuthandiza.

M'zaka zomwezo ndi m'mene anayambana ndi mwana wawo. Mabvuto anatembenuka mtima m'tchalitchi china chatsopano chimene chinkapempherera m'kalasi ya sukulu, ndipo anasintha dzina kukhala Madalitso, ati dzina lakale ndi limene linkamutsekera njira. Atate ake anapitiriza kumutcha Mabvuto. Mnyamatayo ankati makopewo ndi mzimu woipa umene wamanga nyumba yawo, ndipo tsiku lina anabwera ndi anzake asanu kudzawapempherera. Ba Daka anawalandira, anawapatsa mipando, kenako anawafunsa kuti zinthu zimene amavomereza popanda umboni n'zingati, ndipo kodi anaziwerengapo. Anati iwonso ali ndi zawo zimene amangokhulupirira, sakubisa, koma zawozo sizifika khumi ndipo tsiku lililonse amayesetsa kuzichepetsa, pamene a tchalitchi amawonjezera chatsopano Lamlungu lililonse. Achinyamatawo anayamba kupemphera mokweza. Ba Daka anatenga makope awo n'kukakhala kwa aneba mpaka anamaliza. Mabvuto anasamukira ku komboni ya Shikoswe, ndipo kwa nthawi yaitali bambo ndi mwana ankangoonana pa maliro.

Lachisanu lina m'nyengo yozizira ndinapeza ba Daka atameta, nsapato atapolisha. Anati zatha. Umboni wakwanira, awukopera m'kope limodzi loyera, ndipo Lolemba ndiwaperekeze ku Lusaka chifukwa ine ndikudziwa makomo a ku yunivesite. Safunanso za kalata. Akufuna akaone nkhope ya munthu akuwerenga. Anandibwereka kopelo kuti ndikaliwerenge Loweruka ndi Lamlungu. Sindinavutike kupeza pamene panathyoka, poti ndinkadziwa kuti payenera kukhalapo.

Lolemba m'mawa tinakwera minibasi pa msika. Anavala jekete, kope lili m'envelopu yakhaki pa maondo. Tinakhala kumbuyo. Tikutuluka m'tauni ankandiuza zimene adzanene akalowa mu ofesi, ndi kuti sadzadzitama. Ndinaganiza za lekichala uja, mnyamata wa msinkhu wa Mabvuto, akuwauza nkhaniyi ataimirira pakhomo, wotchi ikuyang'anidwa. Tikuyandikira Shimabala ndinati:

"Aphunzitsi, tisapite."

"Wadwala?"

"Iyayi. Chimene mukufuna kusonyeza sichingatheke. Anthu anatsimikiza kale kuti lamulo limeneli silituluka mwa enawo. Palibe njira, ngakhale munthu atakhala wanzeru bwanji."

Sanandiyang'ane. Anagogoda denga la minibasi.

"Tiseluka pano."

"Ba mudala, Lusaka ikali patali," anatero kondakitala.

"Ndamva. Tiseluka."

Tinatsika m'mbali mwa msewu pamene amayi amagulitsa tomato ndi kabichi. Mayi wina ataona mdala wa jekete ataima m'fumbi anawapatsa benchi lake. Anakhala, natulutsa kopelo, nandipatsa.

"Ndionetse."

Ndinatsegula chapakati. Panali mzere umene analemba kuti, tsopano pa gulu lililonse titengepo chimodzi. Magulu ake pamenepo anali osatha, ndipo sananene njira yotengera. Anagwiritsa ntchito lamulo lomwelo limene ankafuna kulitsimikiza. Anawerenga mzerewo ndi chala, katatu. Magalimoto akuluakulu ankadutsa, masamba a kope n'kumauluzika, iwo atawapsinja ndi chikhatho.

"Ndasankha," anatero motsitsa. "Ndasankha popanda chilolezo."

Anatulutsa kapensulo kofiira nadula mzere pansi pake, mowongoka bwino. Ndinaganiza kuti zathera pamenepo. Kenako anafunsa:

"Zakuti n'zosatheka wazimva dzulo?"

"Iyayi."

"Liti?"

"Ndili ku yunivesite."

"Zaka zingati, Dailesi?"

"Zitatu."

Anatseka kopelo. Anandiuza nkhani imene sanandiuzepo. Ku fakitale, anati, mkulu wa ofesi yawo anadziwa miyezi isanu kuti dzina lawo lili pa mndandanda wa odulidwa. M'mawa uliwonse ankawapatsa moni, kuwafunsa za ana, kuwayamikira kuti ntchito ikuyenda. Iwo ankawerengera ulusi wa miyezi imene sadzakhalapo. Tsiku la kalata munthuyo analira, nati anabisa chifukwa cha chifundo.

"Kudulidwako sikunandipweteke kwambiri. Fakitale inali ikufa, ndinkaona manambala. Chinandipweteka ndi moni uja. Miyezi isanu munthu akundiyang'ana ngati wodwala amene sauzidwa matenda ake." Anapuma. "Iye miyezi isanu. Iwe zaka zitatu."

Ndinafuna kutchula amake Mabvuto, koma ndinadziletsa. Ndinati ndinkaopa kuti zingawaphe.

"Ndinakuphunzitsa kuti ukapeza cholakwika uzitani?"

"Ndizinena."

"Ndinati uziyamba wayang'ana ngati mwini wake ali ndi mphamvu?"

Anaimirira, nagula mulu wa tomato kwa mayi wa benchi uja, namuthokoza, zimene sindinawamvepo akuchita. Anawoloka msewu. Minibasi yobwerera ku Kafue itaima ndinafuna kuwatsatira, koma anakweza dzanja osatembenuka. Ndinatsala pa Shimabala mpaka masana.

Anakhala pafupifupi chaka osandiyankhula. Tikakumana pamsika ankakweza chipewa monga amachitira kwa mlendo. Amake Mabvuto nawonso anandikwiyira, iwo chifukwa choti ndinanena. Anati kwa miyezi iwiri amuna awo sanasambe m'mawa, ankangokhala. Mpaka lero sindidziwa kuti cholakwa changa chenicheni chinali chiti, kukhala chete kapena kuyankhula, kapena kuchita zonse ziwiri pa nthawi yolakwika.

Kenako tsiku lina ndinalandira kapepala ku sukulu, mzere umodzi wokha, kopanda moni. Ba Daka ankafuna ndiwabweretsere umboni wakuti n'zosatheka, awuone ndi maso awo. Ndinapita ku laibulale ku Lusaka n'kuchita fotokope mutu wonse wa buku. Anaulandira pakhomo, nati ndibwere Lachisanu.

Tinalimbana nawo masamba amenewo zaka ziwiri. Oyambirira tinawamva. Kupitirira apo zinali ngati kukwera khoma losalala. Ine maphunziro anga sanafike kumeneko, iwo analibe wowafunsa. Ankabwerera pachiyambi, kukopera ndi dzanja, kufika pamalo omwewo n'kuima. Sanayesenso kutsutsa. Anavomereza kuti lamulolo likhala pa mpando wake, koma kuvomerezako kunkawadya, chifukwa anavomera atangouzidwa.

Mabvuto anabwera Lachisanu lina kudzaona amayi ake, natipeza pa tebulo. Anafunsa kuti tsopano tikuchita chiyani, ndipo ndinamufotokozera. Sananene mwachipongwe, ndikutsimikiza. Anangoti:

"So ba dadi, manje na imwe mukhulupirira vintu vamene simunaone."

Ndinayembekezera moto. Koma sunayake. Ba Daka anati pali kusiyana, chifukwa umboni uwu ulipo, munthu angathe kuutsata mzere ndi mzere. Kenako anawonjezera okha kuti munthuyo si iwo, ndipo sadzakhala iwo. Anavula magalasi, napempha kuti tilekere pomwepo tsiku limenelo.

Sitiroko inawagwira chaka chotsatira, mvula itangoyamba. Inatenga dzanja lamanja ndi mawu ambiri. Amake Mabvuto sakanatha kuwanyamula okha, choncho Mabvuto anabwera ndi galimoto ya mnzake n'kuwatenga onse awiri kupita nawo ku Shikoswe. Ndiye amene ankawasambitsa ndi kuwameta. Ankawapemphereranso, ndipo iwo analibe mawu okanira, kapena mwina sankafunanso kukana, sindidziwa. Masana ankawakhazika pakhonde. Ndinkapita kukakhala nawo. Ndikatulutsa mafotokope aja ankapukusa mutu. Ndikakamba za ana a ku sukulu ankamvetsera. Za ku Shimabala sitinazitchulenso. Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinapemphe, poopa yankho. Anamwalira Lachitatu m'mawa ine ndili m'kalasi.

Titachoka ku manda Loweruka lija tinapita ku Shikoswe kukadya. Anthu analowa m'nyumba, achinyamata anayamba kuimba. Ine ndinatsala pakhonde.

Ndi kakhonde kakang'ono, ka simenti yopaka polishi wofiira, koyang'ana ku njanji. Mpando anauchotsa, koma pamene unkakhala pali timalo tinayi tosapakika, ndi kanjira kotuwa pamene phazi lawo lakumanja linkakwekwereka pansi. Kuchokera pa chitseko kufika pa mzati pali chingwe cha sisalo chimene Mabvuto anamanga kuti atate ake azigwira poyenda masitepe asanu ndi limodzi amenewo. Chada ndi thukuta la dzanja, ndipo chapakati chatsika pang'ono, pamene ankaima kupuma. Chimatchinga njira. Aliyense wotuluka ndi mbale kapena ndowa amawerama kuti adutse pansi pake. Ndinaona mkazi wa Mabvuto akuwerama, ana akuwerama, madala a ku fakitale akuwerama movutikira atagwira zipewa. Mabvuto anatuluka kudzandiitana kuti nshima ikuzizira, nayenso anawerama. Sitima ya katundu inadutsa pang'onopang'ono kulowera ku mlatho, chingwecho n'kumanjenjemera chokha mpaka bogi lomaliza litapita.